Njinga Yolimba

Bambo anga anafika kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja, Khirisimasi ili pafupi, atavala jekete la suti pa kutentha kumene ngakhale akhwangwala amangokhala kukamwa kuli yasaa. Ndinawauza pabwalo la ndege pomwepo kuti avule, iwo n'kundiyankha kuti munthu sapita kwa eni ake ngati akupita kudimba. Ndinangoti chabwino, muvula nokha. Anavuladi tisanafike n'komwe ku Ellenbrook kumene timakhala, koma anati vuto ndi lamba wa m'galimoto.

Ndinawaitana kuno chifukwa cha mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mwanayo anabadwira konkuno. Chichewa ankamva chonse, makamaka chimene sitinkafuna kuti amve, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi cha kuno, chija chotulukira m'mphuno. Bambo nawo Chingerezi chawo chimathera pa moni. Zinkandiwawa mumtima. Munthu ndi mdzukulu wake, magazi amodzi, koma kuti amvane mpaka ine ndiime pakati ngati womasulira ulaliki! Bambo anali atakalamba, viza yawo inali ya miyezi yochepa, ndipo ndinkadziwa kuti ulendo wautali chonchi sadzauyendanso. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: asanakwere ndege yobwerera, mwanayu awalankhule m'chilankhulo chawo, mwa kufuna kwake, popanda ine kumukankha.

Masabata oyamba zinkayenda mwa apo ndi apo. Bambo anamupatsa dzina loti adona, chifukwa cha Chingerezicho komanso chifukwa ankadya nyemba ndi foloko. M'mawa uliwonse ankati, "Mwadzuka bwanji adona?" Iye ankayankha kuti "Ndadzuka bwino" mawu ali kukhosi, n'kuthawira kuchipinda. Kupitirira apo, zii. Sukulu inali yotseka, mwamuna wanga amagwira ntchito kumigodi kumpoto ndipo amabwera mwa kamodzikamodzi, ine ndimasamalira okalamba ku Midland. Ndiye awiriwa ankatsala okha masana onse, wina pa kanema, wina kuseri kwa nyumba akulimbana ndi mchenga wa ku Ellenbrook kuti umere nkhwani.

Pa Khirisimasi mwanayo analandira njinga. Sinali yatsopano, inali ya mwana wa mnzanga wakuntchito amene anali ataikulira, koma inali yooneka bwino, yobiriwira, ya magiya. Magiyawo ankasinthidwa popotokola mphira ya pa handulo, ngati mmene amachitira a njinga zamoto. Mwanayo anali atapangana ndi anzake a mumsewu mwathu kuti sukulu ikatsegulidwa azipita limodzi panjinga. Vuto linali kachitunda kamene kali panjira yodutsa kupaki. Si phiri ayi, kwathu sitingakatchule n'komwe, koma anzakewo ankangosintha giya n'kukwera akuseka, iye n'kutsala akukankha. Chopotokolacho chinkakana kutembenuka m'dzanja lake, moti njingayo inangokhalira giya yolemera.

Tsiku lina tikuchokera kogula zinthu, anandifunsa ali kumpando wakumbuyo, m'Chingerezi, kuti chinthu chokana kutembenuka timati chiyani m'Chichewa. Ine maso ali pamsewu ndinangoti, "Cholimba." Kenako ndinamumva akunong'ona yekha, "Agogo, njinga yanga ndi yolimba. Agogo, njinga yanga ndi yolimba." Abale inu, ndinatsala pang'ono kuimitsa galimoto kuti ndivine. Ndinali nditamuuza kale kuti agogo ake njinga amazidziwa, kuti yawo anayenda nayo ubwana wanga wonse akuikonza okha, ikunyamula matumba a mtedza kupita kumsika wa Mitundu, ine nditakhala pamwamba pa matumbawo. Tsono mwana anali ataganiza yekha kuti vuto lake akalitule kwa mwini luso, m'chilankhulo cha mwini lusoyo. Ndinadzigwira osanena kanthu, kuopa kumuchititsa manyazi.

Titafika kunyumba anatulutsa njinga m'galaja n'kuikankhira kuseri kumene bambo ankathirira. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, zogula zili m'manja. Mwana anaima mowongoka, n'kunena momveka bwino:

"Agogo, njinga yanga ndi yolimba."

Bambo anaponya paipi pansi madzi akutuluka. Nkhope yonse inawala.

"Eee! Adona alankhula! Yolimba? Zikomo kwambiri! Njinga imafunika yolimba, osati izi zongophwasuka ukagunda kamwala." Anamenya chishalo ndi chikhatho, phaa. "Muziisamala. Makolo anu amakukondani."

Mwana anandiyang'ana, n'kuyesanso. "Ndi yolimba kwambiri."

"Kwambiri! Ndiye mwayi wake umenewo!" Anaseka mpaka kutsokomola.

Kwathu ukanena kuti njinga ndi yolimba ndiye kuti waiyamikira, palibenso china. Bambo ankaseka chifukwa cha chimwemwe, koma mwana anaona munthu wamkulu akumuseka. Ndinaika zogula pansi n'kuthamanga kukakonza nkhani. Ndinafotokoza za magiya, za kachitunda, za chopotokola chokanacho. Njinga za magiya bambo ankangoziona kwa anyamata a m'tauni, ndipo ankazitenga ngati zoseweretsa. Anagwira chopotokolacho ndi dzanja lawo lija la khasu n'kuchitembenuza, kha kha kha, kupita ndi kubwera.

"Palibe vuto apa. Kungoti ana a kuno manja ndi ofewa. Komanso pachitunda timatsika n'kukankha, njinga nayo ipumeko."

Ankalankhula ndi ine, kuiwala kuti mwana akumva liwu lililonse. Mwanayo anaisiya njinga pomwepo, inagwera pa nkhwani, iye n'kulowa m'nyumba. Nditamutsatira anandiuza m'Chingerezi, misozi ili chuchuchu, kuti Chichewa sadzalankhulanso, chifukwa ukalankhula anthu amakuseka ndipo sakumva.

Anasungadi mawu ake. M'mawa mwake "Mwadzuka bwanji adona?" anangoyankhidwa ndi mutu. Njinga inabwerera m'galaja n'kuyamba kutola fumbi. Ine ndili ndi mtima wapachala, anthu amandidziwa, koma bambo ako suwakalipira. Ndinadikira mwana atapita kwa anzake, ndinakhala pansi pafupi nawo, n'kuwauza kuti:

"Bambo, mawu aja mwanayu anawaloweza njira yonse yochokera kusitolo. Sanabwere kudzakuonetsani njinga. Anabwera kudzadandaula."

"Nanga osanena kuti yawonongeka bwanji?"

"Mawu amene ali nawo ndi omwewo. Enawo akawatenga kuti?"

Anangotenga chipewa chawo n'kupita kukayang'ana nkhwani. Ndinapsa mtima ndithu. Ndinati nkhalamba iyi ibwerera kwawo ndi kuuma mutu kwake komweku.

Sabata imeneyo ntchito inandiwawa kuposa kale. Kumene ndimagwirako kunali mayi wina wokalamba kwambiri amene anabwera m'dziko lino ali mtsikana. Matenda a ukalamba anali atamulanda Chingerezi chonse, n'kumusiyira chilankhulo cha kwawo chokha. Adzukulu ake ankabwera atanyamula maluwa, anthu abwino ndithu, ankakhala m'mbali mwa bedi akumwetulira, iye akuwauza nkhani zambirimbiri zimene palibe ndi mmodzi yemwe ankamva. Ndikamusambitsa ankandiuzanso ine, ine n'kumamuyankha m'Chichewa, popeza zonse zinali chimodzimodzi. Ndikaweruka ndinkakapeza zomwezo kunyumba kwanga, anthu awiri akudya patebulo limodzi ngati okumana m'basi.

Patapita masiku angapo ndinaweruka masana n'kupeza chitseko cha galaja chili chotsegula. Bambo anali atakhala pa ndowa yozondotsa, njinga ili pakati pa miyendo, thukuta lili kamukamu. Pansi panali botolo la oyilo, sipanala ndi kansanza. Anali atathira oyilo paliponse pamene oyilo angalowe. Koma chimene chinandiimitsa chinali dzanja lawo. Anali atapinda zala zitatu, n'kumayesa kupotokola ndi chala chachikulu ndi kachala kakang'ono kokha. Ankakanika, n'kupuma, n'kuyesanso.

"Mukutani, bambo?"

"M'mawa ndinaona dzanja la mwanayu atagwira kapu," anatero osandiyang'ana. "Mphamvu zake zonse sizingapose zala ziwirizi. Ndayesa chichokereni inu. Chinthuchi sichikutheka. Anachipangira dzanja la munthu wamkulu n'kuchiika pa njinga ya mwana."

Kenako anakweza mawu. "Adona! Tabwerani."

Mwana anabwera n'kuima pakhomo, nkhope ili ndwii. Bambo anaimirira n'kuvula chipewa.

"Pepani. Tsiku lija munanena zoona, wogontha ndinali ine. Njinga iyi ndi yolimbadi, ndipo manja anu alibe mlandu. Koma ine za magiya sindizidziwa. Mukandithandiza, tikonza."

Ine ndinaleredwa ndi munthu ameneyu. Ndinawaonapo atasochera popita kumaliro, tonse tikuona kuti tasochera, iwo n'kumati akudziwa njira yachidule. Mawu oti "sindidziwa" ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo, ngakhale kwa abusa. Tsiku limenelo anawanena kwa kamwana, chipewa chili m'manja, popanda manyazi. Ndinawanyadira kwambiri moti ndinalowa m'nyumba msangamsanga kuti asandione ndikupukuta m'maso. Mwana sanachokenso pakhomopo.

Loweruka tinapita kusitolo ya njinga ku Morley. Galimoto bambo anaikana, ankafuna kukwera sitima yatsopano imene inali itangoyamba kuyenda m'dera lathu, ndipo njira yonse ankadandaula kuti thengo lonseli likungokhala osalimidwa. M'sitolo tinalandiridwa ndi mtsikana wachizungu, manja ali girisi yekhayekha, bambo n'kundinong'oneza kuti dziko lino lafika patali. Mwana anafotokoza vuto lake m'Chingerezi. Mtsikanayo anati zopotokolazi ana ambiri zimawavuta, kenako anatulutsa chosinthira magiya cha mtundu wina, chongodina ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Anamupatsa mwana kuti ayese. Chinalira kha, mosavuta, mwana n'kumwetulira koyamba sabata imeneyo. Ndiye mtsikanayo anafunsa kuti timawilo ta mano ta kumbuyo tilipo tingati, chifukwa chatsopanocho chiyenera kugwirizana nato.

Mwana anatembenukira kwa ine. Ine ndinapezeka nditatanganidwa kwambiri ndi mahelemeti a pakhoma, kuwagwiragwira ngati ndigula. Anandiitana, ndinagontha. Anandikoka chovala, ndinagonthabe. Kenako ndinamva kumbuyo kwanga, motsitsa:

"Agogo... kumbuyo... zingati?"

"Tili sikisi. Ndinawerenga dzulo."

Bambo sanaombe m'manja, sananene kuti adona alankhula. Anangoyankha funso monga angayankhire munthu wina aliyense, maso ali pa chodinacho.

Ntchito tinaigwira Lamlungu titachoka kutchalitchi. Ndikuti tinaigwira, koma ine yanga inali kugwira foni basi. Mwana anapeza kanema wa mzungu wina akusintha chinthu chomwecho, akulankhula mothamanga ngati akuthawa mvula. Bambo ankayang'ana manja a mzunguyo, kenako n'kunena kuti, "Imitsani. Akuti chiyani?" Funsolo sankandifunsa ine.

Poyamba mwana ankangoloza ndi chala. Koma pali zina zosalozeka. "Akuti masula," anatero, akukhudza kanati kamene kamagwira waya kumbuyo, pa kachitsulo kosuntha tcheni. Bambo anamasula. "Akuti koka." Anakoka, waya wakale n'kusololoka. Kapaipi kakuda kamene waya amadutsamo mwana analibe dzina lake, ndiye anaganiza kaye n'kunena kuti "kanyumba ka waya". Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Bambo anangoti, "Chabwino, watsopanoyu adzalowa m'kanyumba komweka," ndipo mpaka lero kwathu kanthu kameneka timakatchula choncho.

Mphira ya pa handulo inakana kuchoka. Mzungu wa m'kanema anaichotsa ndi makina opopa mpweya amene ife tinalibe. Bambo anatuma mwana kukatenga madzi a sopo, anatukula m'mphepete mwa mphirayo n'kudontheza madziwo mkati, mphira n'kuvuka yokha. Chopotokola chakale chinatuluka, chodina chatsopano n'kulowa. Apa ndi pamene ndinaona kusamala kwawo. Sanafulumire kumanga bawuti. Anamuuza mwana kuti akwere pachishalo, iwo atagwira njinga, ndipo agwire handulo ngati akuyenda. Ankasuntha chodinacho pang'onopang'ono, m'mwamba, m'munsi, akuyang'ana pamene chala cha mwana chikufika popanda kusiya handulo.

"Apa?"

"Ayi."

"Apa?"

"Kutali."

"Nanga apa?"

"Basi, agogo. Apo."

Anamanga pomwepo.

Kudula waya wotsala kunavuta. Pulayazi yathu inali yobuntha, inangomutafuna waya n'kumwaza timaulusi take. Bambo anaitukwana ndi mawu amene sindingalembe pano, mwana n'kufunsa kuti amatanthauza chiyani, ine n'kuti amatanthauza kuti pulayazi ndi yoipa. Anapota timaulusito ndi zala mpaka tinagwirana. Kenako anaizondotsa njinga, matayala m'mwamba, mwana akupalasa pedulo ndi dzanja limodzi uku linalo likudina. Tcheni chinkadumpha bwino, koma chikafika pakati chinkangolira tcheketcheke osakhazikika.

"Akuti zungulira kanati aka. Pang'ono pang'ono. Mpaka asiye kulira."

Bambo anamva zimene ankatanthauza. Anayamba kutembenuza kanatiko, n'kunena kuti, "Mukamva kwati zii mundiuze, makutu angawa ndi akale." Bodza lenileni! Munthu ameneyu amamva mbuzi ikutafuna chimanga kumunda iye ali kunyumba. Koma mwana anayandikira tayala, nkhope itachita tsinya, n'kumvetsera ndi mtima wonse. Kenako anakuwa, "Wasiya!"

Tinali titaiwala chinthu chimodzi. Mphira yakale inali yaifupi, chifukwa theka la malo ake linali la chopotokola chija, ndiye pa handulo panatsala chitsulo chopanda kanthu pamene dzanja limagwira. Masitolo anali atatseka. Bambo anapeza chubu chakale m'galaja, anachekako chingwe chachitali chopyapyala, n'kukulunga pa handulo mwaudongo, mzere pamwamba pa mzere.

"Bambo, kunotu si ku Mitundu," ndinatero. "Anzake akamuseka."

Mwana anandiyankha m'Chingerezi kuti ndisiye, mumsewu monse palibe wina amene ali ndi handulo yotere. Ndinatseka pakamwa. Awiriwa anali atagwirizana kale, ine ndinali mlendo m'galaja langa lomwe.

Dzuwa litapendeka, kamphepo katayamba kuwomba, tinapita kupaki. Ine ndi bambo tinaima m'munsi mwa kachitunda kaja. Mwana anamanga helemeti, anabwerera m'mbuyo kuti atenge liwiro, n'kutidutsa. Atayamba kukwera, njinga inalemera. Ndinaona mapewa ake akugwedezeka, ndinati basi, atsika. Ndiye tinamva kha, kenako kha, miyendo n'kuyamba kuzungulira mopepuka. Bambo anali atasuzumira kutsogolo, milomo ikuyenda, sindikudziwa ngati ankapemphera kapena ankapalasa naye. Mwana anakafika pamwamba osaponda pansi, anatembenuka, n'kutsetsereka molunjika kwa ife. Anagwira buleki patsogolo pa agogo ake penipeni, mchenga n'kuwawazira pansapato, iye akupuma wefuwefu.

"Agogo! Iwe! Wandiona? Ndakwera ndekha! Iwe wandiona?"

Iwe? Bambo anga, amene ngakhale malemu amayi sanawanenepo kuti iwe ife tikumva? Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Mwana iwe! Agogo ako ungawanene kuti iwe? Ndi mnzako amenewa?"

Nkhope ya mwana inagwa nthawi yomweyo, milomo n'kutsekeka. Koma bambo anandigwira pamkono mwamphamvu, mpaka zala zawo zinandipweteka.

"Msiyeni," anatero chapansipansi. "Onse amene ankandinena kuti iwe ali kumanda. Ndinali nditaiwala mmene zimamvekera."

Anagwada bondo limodzi pa udzu, movutikira, kuti maso awo alingane ndi a mwana.

"Ndakuona, iwe. Ndakuona ndithu. Tandiuza, pamwamba paja zinali bwanji?"

Mwana anandiyang'ana kaye. Ine ndinayang'ana kumbali. Kenako anayamba kufotokoza, mawu ena olakwika, ena osoweka, ena akuwapanga pomwepo, agogo ake akungoti eya, eya, pitiriza. Tinabwerera kunyumba awiriwo ali patsogolo, njinga ili pakati pawo, akulankhulabe. Ine ndinkabwera m'mbuyo ndekha, ndipo njira yonse palibe amene anatembenuka kuti andifunse kanthu.